Boti lopanda injini lothamanga kuposa mphepo: yankho kwa kalipentala wa pa Chinkhoma

Funso: Ndine kalipentala, ndimakhala pa Chinkhoma ku Kasungu kuno. Mwana wanga anandionetsa pafoni mpikisano wa timaboti ta matanga wa ku Olympics. Anthu awiri anali atalendewera pa zingwe kunja kwa boti, matupi ali chagada pamwamba pa madzi, boti likuthamanga ngati lili ndi injini. Pa thanga panalembedwa kuti 49er. Ine nyanja ndinaiona kawiri kokha ku Nkhotakota, ndipo mabwato a kumeneko sankayenda chonchi. Kodi ndi zoona kuti mulibe injini? Analiyambitsa ndani? Nanga munthu ngati ine, wodziwa matabwa, ndingakhome lotere n'kukaliyesa pa damu la Chitete?

Yankho: Injini mulibe, bambo, ngakhale nkhafi mulibe. Ndi mphepo yokhayokha. Ndipo ndikuwonjezereni china choti mudabwe nacho bwinobwino: mphepo ikamawomba pa liwiro la makilomita 20 pa ola, boti limeneli likhoza kuthamanga kuposa pamenepo. Ndikawauza anthu zimenezi amandiyang'ana ngati ndalawa kachasu m'mamawa, koma ndi zoona.

Ambiri akaliona amathamangira kunena kuti chinsinsi chake ndi thanga lalikulu. Ayi ndithu. Thanga lalikulu telala aliyense wa pamsika wa Kasungu angakusokereni mutampatsa nsalu. Chimene chinavuta amisiri ndi kupanga boti loti lilandire mphamvu yonseyo osagubuduka, komanso loti lisiye kulima madzi n'kuyamba kutsetsereka pamwamba pake. Ntchito imeneyi inadya zaka pafupifupi 70 isanabereke boti mwaliona pafonilo.

Tiyambire pa bwato munauona ku Nkhotakota uja. Chilichonse choyenda pamadzi chimadzutsa funde kumphuno ndi lina kumbuyo. Liwiro likamakwera, mpata wa pakati pa mafunde awiriwa umatalika, mpaka umafanana ndi kutalika kwa botilo. Zikafika apo ndiye kuti boti lagwera m'dzenje lodzikumbira lokha: mphuno yakwera pa funde lakutsogolo, kumbuyo kwatitimira, ndipo kuti lipitirire liyenera kukwera chitunda chimene likuchiunda lokha. Boti la mamita 5 malire ake amakhala cha pa makilomita 10 pa ola. Mukawonjezera mphamvu, chimene chimakula ndi funde, osati liwiro. Mwaonapo ngolo yodzaza mabelo itatitimira mumchenga wa padambo? Kukwapula ng'ombe sikuthandiza, mateyala amangokumba.

Amene anaonetsa dziko njira yotulukira m'dzenjemo ndi Uffa Fox, mmisiri wa maboti wa ku Cowes pa chilumba cha Isle of Wight ku England. Mu 1928 anakhoma boti la mtundu wa International 14, lotalika mafiti 14, n'kulitcha Avenger. Kumphuno analisongola ngati chilembo cha V kuti lizidula funde, koma kuchokera pakati kupita kumbuyo pansi pake anapayala pafulati, ndipo lonse analipepukitsa. Mphepo ikalimba, botilo linkadzuka n'kukwera pamsana pa funde lake lomwe. Kumbukirani muli mwana mukuponya phale pamadzi a padambo: mukaliponya mwaulesi limira, mukalithamangitsa chafulati limadumphadumpha mpaka tsidya. Ena anali ataonapo kale maboti akuchita zimenezi mwa apo ndi apo, koma Fox anapanga loti lizitero mwadala. Chaka chimenecho botilo linalowa mipikisano 57. Linapambana 52, linakhala lachiwiri kawiri, lachitatu katatu. Kuyambira pamenepo amisiri anzake anasiya kumutsutsa n'kuyamba kumuonera.

Tsopano za thangalo. Silimangogwira mphepo ngati thumba lotsegula kukamwa. Inu okhoma madenga mukudziwa kuti chimphepo chikasasula nyumba, malata amapita kumwamba, sapita pansi. Mpweya wothamanga pamwamba pa denga umalikoka. Thanga lopindika bwino limachitanso chimodzimodzi: mphepo yodutsa kuseri kwake imalikoka, ya mbali inayo imalikankha. Vuto n'lakuti mphamvu yambiri imaloza chammbali, osati kutsogolo. Ndiye pakati pa boti pamakhala mpata wolowetsamo thabwa lopyapyala lopita pansi m'madzi, ndipo thabwalo limakana kuti boti litsetserekere chammbali. Tengani nthanga ya dzungu yonyowa muifinye pakati pa zala ziwiri, muona ikuthawira kutsogolo. Chala china ndi mphepo, china ndi thabwa lija. N'chifukwa chake maboti amenewa amatha kupita ngakhale kumene mphepo ikuchokera, ngakhale kuti salunjika: amayenda mopingasa, cha pa madigiri 45, uku kenako uko, ngati wakabaza amene akukwera chitunda atanyamula thumba la chimanga.

Koma apa pabuka mlandu wina. Mphepo ikukankha kumwamba pa thanga, madzi akukana kunsi pa thabwa, ndiye boti likufuna kugwa chammbali. Maboti akuluakulu amawamangirira chitsulo kapena mtovu wolemera kunsi kuti asagwe. Timaboti ta mpikisano iti mulibe kalikonse kotere, chifukwa kulemera ndiye mdani wa liwiro. Cholemeretsa chake ndi anthu okwerawo. Ndipo nkhani si kunenepa kwa munthu kokha, koma pamene waima. Pitani pamjigo mukagwire chogwirira pafupi ndi mutu wa pampu, mutuluka thukuta madzi osabwera. Mukagwira kumapeto, ngakhale kamwana kamapopa. Munthu wokhala pamphepete mwa boti wamba ali pamtunda wosakwana mita imodzi kuchokera pakati. Yemweyo akaponda kumapeto kwa phiko la 49er, chopondapo chotuluka m'mbali mwa boti, n'kugona chagada pa waya, kulemera kwake kwafika pafupifupi mamita awiri ndi theka. Munthu ndi yemweyo, nsima anadya ndi yomweyo, koma mphamvu yake yodzutsa boti yawirikiza pafupifupi katatu. Ndicho chifukwa cha kulendewera munakuona kuja. Si matama.

Waya umenewu amautcha trapeze. Umachokera kumwamba kwa mlongoti, ndipo munthu amaukola pa ngowe yachitsulo imene ili pa lamba wovala m'chiuno. Unatchuka mu 1938 pamene Peter Scott ndi John Winter anaugwiritsa ntchito pa boti lawo la International 14 lotchedwa Thunder and Lightning, n'kupambana chikho cha Prince of Wales ku Falmouth. Akuluakulu a mpikisanowo sanasangalale nazo, anauletsa. Mbiri ya maboti othamanga yadzaza ndi zotere: wina abweretsa nzeru, apambana, komiti ikhala pansi n'kuletsa, papita zaka aliyense akuchita zomwezo. Peter Scott ameneyu ndi yemwe uja anadzakhala mmodzi mwa oyambitsa bungwe loteteza zachilengedwe la WWF.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, trapeze inabwerera ndipo sinachokenso. Ku Netherlands kunabadwa Flying Dutchman mu 1951, boti la mamita 6 limene linakhala pa Olympics kuchokera 1960 mpaka 1992. John Westell anajambula 505 mu 1954, ndipo André Cornu wa ku France anajambula 470 mu 1963. Manambalawa asakuzunguzeni, ndi miyezo chabe: 505 ndi lotalika mamita 5.05, 470 ndi mamita 4.70. Nalonso 49er dzina lake likuchokera pa mamita 4.99.

Koma magazi enieni a 49er sanachokere ku Ulaya. Anachokera pa doko la Sydney ku Australia, kumene kuyambira m'zaka za m'ma 1890 kunali mpikisano wa maboti a mafiti 18. Uku sikunali kwa mabwana ovala zoyera ayi. Ambiri anali anthu ogwira ntchito zamanja, ndipo oonerera ankadzaza m'zombo zotsatira mpikisano akubetcha ndalama. Wamalonda wina dzina lake Mark Foy ndiye analimbikitsa zoti matanga azikhala ndi zizindikiro zamitundumitundu kuti anthu azitha kuzindikira boti lawo ali patali. Malamulo anali ochepa: boti lisapitirire mafiti 18, zina zonse zako. Ndiye anthu anapenga nawo matanga. Ankakweza chinsalu chochuluka moti pankafunika amuna oposa khumi kuti boti lisagwe, kuphatikizapo kamnyamata kamene ntchito yake inali kukapa madzi basi. Pang'onopang'ono anazindikira kuti amuna khumi ndi katundu, ndipo kuti boti lopepuka la anthu ochepa limawasiya kutali. Chiwerengero chinatsika mpaka atatu, onse pa trapeze, ndipo m'mbali mwa boti anamangamo mapiko oti aziponda kutali ndi pakati. Mjigo uja anangoutalikitsa.

M'dziko limeneli ndi mmene munakulira Julian Bethwaite, amene anajambula 49er. Bambo ake, Frank Bethwaite, anabadwira ku New Zealand ndipo anali woyendetsa ndege asanakhazikike ku Sydney. Mkuluyu sankakhulupirira zongomva. Ankayeza mphepo, ankakoka maboti pachingwe n'kumalemba kuti madzi akukana ndi mphamvu yochuluka bwanji pa liwiro lililonse. Chimene ankasaka ndi thupi la boti losamva chitunda chija, loti lizichoka pa kulima madzi kufika pa kutsetsereka popanda kukakamira pakati. Mwana wake anaphunzira zonsezi akukhoma ndi kuyendetsa maboti a mafiti 18. Mu 1996 bungwe loyang'anira masewerawa pa dziko lonse linaitanitsa maboti osiyanasiyana ku nyanja ya Garda ku Italy kuti akatswiri awayese, pofuna boti latsopano la anthu awiri la pa Olympics. Anasankha la Julian. Linaonekera koyamba pa Olympics ya ku Sydney mu 2000, kwawo kwenikweni, ndipo golide anatenga anyamata a ku Finland, Thomas Johanson ndi Jyrki Järvi.

Poti ndinu munthu wa tepi, nayi miyezo. Thupi lake ndi mamita 4.99. Mapiko akatambasulidwa, m'lifupi ndi mamita 2.9, koma gawo logunda madzi ndi lopapatiza kwambiri. Kulemera kwa thupilo ndi makilogalamu pafupifupi 94, osakwana matumba awiri a feteleza, pamene okwera awiriwo pamodzi amaposa makilogalamu 150. Mwamva bwino, anthu ndi olemera kuposa boti lawo. Mlongoti umaposa mamita 8. Matanga awiri amene amakhala okweza nthawi zonse ndi masikweya mita pafupifupi 20, ndipo lachitatu, chimkwanda chamitundu chija chimene pa Olympics amajambulapo mbendera ya dziko, ndi pafupifupi 38. Mukaphatikiza mwayandikira 60. Imeneyo ndi nyumba ya mamita 6 m'lifupi ndi 10 m'litali. Tayerekezani kuimika denga la nyumba yotere chilili pa kabwato ka matumba awiri a feteleza, kunja kukuwomba mwera.

Kupepukako amakupeza bwanji? Nzeru yake mumaidziwa kale, ndi ya chitseko cha fulashi chija: zikopa ziwiri zopyapyala kunja, pakati zopepuka, koma chonse n'kukhala cholimba. Pa boti zikopazo ndi za faiba yomatidwa ndi guluu wa epoxy, pakati pali thovu louma lolimba. Mlongoti wa masiku ano, kuyambira cha mu 2009, ndi wa carbon fibre yekhayekha, mtundu wa faiba wopepuka koma wolimba kwambiri.

Tibwerere ku zothamanga kuposa mphepo zija, chifukwa ndikudziwa kuti simunandikhulupirire. Tsiku lopanda mphepo ngakhale pang'ono, kwerani njinga mutsetsereke. Kumaso mumva mphepo. Yachokera kuti? Mwaipanga nokha. Tsopano tiyerekeze kuti pali mphepo yeniyeni yochokera kudzanja lamanja. Mukamapalasa, simuimvanso kumanja kwenikweni, mumaimva chakutsogolo kumanja, ndipo yakula, chifukwa ziwiri zija zaphatikizana. Thanga nalo limamva mphepo yophatikizanayi. Boti lolemera silipindula nazo, limafika pa malire ake aja n'kukhala. Koma boti lotsetsereka likathamanga limadzipangira mphepo, mphepoyo ikakula thanga limakoka kwambiri, likakoka boti limathamangiranso. Zimangopitirira mpaka pamene kukana kwa madzi ndi mpweya kwafanana ndi kukoka kwa thanga. Pa mphepo yabwino 49er imapitirira makilomita 37 pa ola, kumene amalinyero amati ma knot 20.

Apa pali chinthu chimene chimasokoneza ongoyamba kuonera. Munthu ungaganize kuti mphepo ikakhala kumsana ndiye pabwino, ungolunjika. Koma ukalunjika kumene mphepo ikupita, ukuithawa, ndipo ukamathamanga imachepa pa thanga. Choncho anyamata aja ngakhale popita kumene mphepo ikulowera amayenda mopingasa. Njira imatalika koma amafika msanga. Thanga lachitatu lija, lotchedwa spinnaker, analisokera ntchito imeneyi. Akale ankalisoka lofanana mbali zonse ngati chibaluni, ndipo linkafuna mtengo woti munthu azisuntha ndi manja pokhota paliponse. La pa 49er ndi lopendekera mbali imodzi, lomangidwa pa ndodo yotuluka kumphuno. Chingwe chimodzi chimatulutsa ndodoyo n'kukwezanso thangalo. Julian Bethwaite anali mmodzi mwa oyamba kuyesa zimenezi pa maboti a mafiti 18 m'zaka za m'ma 1980.

Mbali imene ine imandisangalatsa kwambiri ndi mlongoti, ngakhale pafoni simungaione. Mphepo siwomba mofanana, imabwera m'magulumagulu. Ndipo liwiro lake likawirikiza kawiri, mphamvu yake pa thanga imawirikiza kanayi. Dzanja la munthu silingathe kumasula chingwe msanga nthawi iliyonse. Ndiye a Bethwaite anapanga nsonga ya mlongoti kukhala yofewa ngati nsungwi. Chimphepo chikagunda, nsonga imawerama, kumwamba kwa thanga kumatseguka n'kutaya mphepo yowonjezerayo, chikadutsa imabwerera. Mmisiri wosadziwa akanati mlongoti wabwino ndi wouma gwa. Wouma gwa ndi umene umagwetsa boti.

Pa anthu awiri aja, wakumbuyo ndi amene wagwira ndodo yaitali ya chiwongolero. Wakutsogolo ndiye mwini zingwe zolemera: thanga lalikulu popita kumene kukuchokera mphepo, spinnaker pobwerera. Pokhota, onse awiri amadzikolola pa waya, kuthamanga kudutsa boti chiimirire, n'kukadzikolanso mbali inayo, zonsezi m'masekondi ochepa. Botili lili ngati njinga: likamathamanga limakhazikika, likaima limafuna kugwa. Mukalisiya lokha pamadzi mlongoti uli chilili, silichedwa kugona. Ndipo kugwa koopsa si kwa chammbali. Ndi pamene mphuno yalowa m'funde boti lili pa liwiro: limaima nthawi yomweyo, kumbuyo kumadzuka, anthu n'kuuluka ndi mawaya awo kuzungulira kutsogolo ngati mwala wa palegeni.

Ine trapeze ndinaiphunzirira pa boti laling'ono la anthu awiri ku Senga Bay, mwezi wa Julayi, mwera uli pachimake. Mnzanga amene ankawongolera anandiuza kuti ndikatuluka ndiwongole miyendo, ndisagwire waya ndi manja, ndikhulupirire ngowe. Ndinatuluka mtima uli m'mwamba. Kenako boti linadzuka, phokoso la madzi kumphuno linasintha, m'malo mwa khwavukhwavu kunangomveka tsiii kumbuyo, ndipo chiwongolero chinayamba kulira ngati njuchi. Madzi ankadutsa chapafupi pansi pa msana wanga. Ndinayamba kudzimva katswiri. Posakhalitsa tinalowa pamalo pamene phiri linatchinga mphepo, kunangoti zii. Munthu wozolowera amaona madzi akutsogolo atasalala n'kupinda maondo kubwerera m'boti nthawi isanathe. Ine maso anali kugombe kuona ngati anthu akundiona. Boti linandigwera, ndipo ndinanyikidwa m'nyanja ngati mbamu ya nsima mumsuzi, ndidakali pa waya. Tikulimbana ndi kudzutsa boti, asodzi awiri anadutsa pa bwato wawo, mmodzi n'kufunsa mwaulemu wonse kuti, "Achimwene, nanga chambo mwapeza chingati pansipo?"

Tsiku limenelo ndinaphunzira kuti pa maboti awa maso amakhala pamadzi akutsogolo. Pamene pada ndi timafunde ndiye kuti pakubwera mphepo, pamene pasalala palibe.

Chinthu china choti mudziwe, chimene chikukhudzanso funso lanu lomaliza, n'chakuti ma 49er onse ndi ofanana. Amapangidwa ndi mafakitale ochepa okhala ndi chilolezo, pa zikombole zofanana, kuti opambana apambane ndi luso osati ndi thumba. Umboni wake unaoneka pa Olympics ya 2008, ku Qingdao m'dziko la China. Jonas Warrer ndi Martin Kirketerp a ku Denmark ankatsogola pa mapointi, koma akupita kukayamba mpikisano womaliza nyanja itakalipa, mlongoti wawo unathyoka. Anabwerera kumtunda n'kubwereka boti la anyamata a ku Croatia amene sanafike nawo mu ndime yomalizayo. Anayamba mochedwa anzawo atapita kale, pa thanga pali zilembo za dziko la eni. Koma tsikulo maboti ankangogubuduka, ndipo iwo anamaliza pa nambala 7, zimene zinakwanira kuti atenge golide. Mayiko ena anadandaula mpaka ku khoti la zamasewera, koma golideyo anakhalabe wa Denmark. Boti lobwereka linayenda ngati lawo lomwe chifukwa linalidi chimodzimodzi.

Banja la botili linakula. Pali 29er, laling'ono la achinyamata, limene linatuluka mu 1998. Pali 49erFX, thupi lomwelo koma mlongoti wofupikirapo ndi matanga ocheperapo, limene amayi anayamba kupikisana nalo pa Olympics ya ku Rio mu 2016. Golide woyamba anatenga Martine Grael ndi Kahena Kunze a ku Brazil, ndipo anabwerezanso ku Tokyo. Mwana wanu akapitiriza kufufuza pafonipo apezanso kaboti ka munthu mmodzi kotchedwa Moth, ka mafiti 11, kamene thupi lake siligunda n'komwe madzi. Kali ndi timapiko pansi pa thabwa lija ndi pansi pa chiwongolero, ndipo poti madzi ndi olemera kuposa mpweya pafupifupi maulendo 800, kaphiko kakang'ono kamakwanira kunyamula boti ndi munthu yemwe. Rohan Veal wa ku Australia anapambana nako mpikisano wa dziko lonse mu 2005. Uffa Fox anakweza boti pamwamba pa funde, awa analichotsamo m'madzi.

Tsopano funso lanu lenileni. Kukhoma 49er ndi matabwa, iyayi bambo, musataye nthawi ndi ndalama. Si kuti ndikukayikira manja anu. Mukalikhoma ndi mlombwa kapena mbawa lilemera kawiri kapena katatu, ndipo boti lolemera lokhala ndi matanga a masikweya mita 60 silitsetsereka, limangogwa kapena kuthyola mlongoti. Komanso ngakhale mutapatsidwa lenileni laulere, munthu amene sanayendetsepo boti la thanga sangathe mphindi imodzi lisanamugwetse. Amene munawaona aja ambiri anayamba ali ana a pulayimale.

Koma pali maboti amene anajambulidwira anthu ngati inu, oti munthu akhome pakhomo ndi plywood. Losavuta kwambiri ndi Optimist, limene Clark Mills wa ku Florida anajambula mu 1947: kabokosi ka mamita 2.3 ka thanga limodzi, ka ana osapitirira zaka 15, ndipo akatswiri ambiri a pa Olympics anayambira m'menemo. Lotsatira ndi Mirror la 1962, la Jack Holt ndi Barry Bucknell, lotalika mamita 3.3, lodziwika ndi matanga ofiira. Kakhomedwe kake kakusangalatsani. Mumadula zidutswa za plywood motsatira pulani, kuboola timabowo m'mphepete, kuzisoka ndi waya wa kopa ngati mukusoka thumba, kenako kumata misoko ndi nsalu ya faiba ndi guluu. Maboti a Mirror oposa 70,000 anapangidwa, ambiri ndi anthu wamba kunyumba kwawo. Mukadzazolowera, pali Fireball la Peter Milne, la 1962 lomwelo, la mamita 4.93. Limeneli lili ndi trapeze ndi spinnaker, limatsetsereka ndithu, ndipo linajambulidwa kuti likhomedwe ndi plywood. Ndiye msuweni wa 49er amene kalipentala angamufikire. Ine ndikanakhala inu ndikanayamba ndi Mirror, poti mumakwera awiri, inu ndi mnyamata wanuyo.

Pa zipangizo samalani ziwiri. Plywood wa siling'i ndi makabati sachedwa kufufuma n'kusendeka akanyowa, mufunika wa marine, womatidwa ndi guluu wosamva madzi. Guluu woyera wa mipando uja musamuyandikize n'komwe. Chachiwiri ndi chizolowezi cha dzanja lanu. Mmisiri wa mipando amakonda kuwonjezera thabwa kuti chinthu chilimbe, ndipo kasitomala amayamikira tebulo lolemera. Pa boti n'zosiyana. Bwerekani sikelo ya fodya, muziyeza chilichonse musanachikhomere, ndipo pamene pulani yanena mamilimita 6 musaikepo 12 poganiza kuti mukuthandiza. M'mphuno ndi m'mbali musaiwale zipinda zotsekeka zosalowa madzi, ndizo zimagwira boti kuti lisamire likagubuduka.

Musanadule thabwa loyamba, kwerani galimoto pa msewu wa M18 mupitenso ku Nkhotakota, mukakhale tsiku lathunthu ndi amisiri okhoma maboti a matabwa kugombe. Mapulani a ku England sangakuuzeni zimene dzuwa lathu limachita pa msoko. Ku damu la Kamuzu ku Malingunde kwakhalanso kuli kalabu ya maboti a matanga, ndipo pa nyanja yathu pakhala pakuchitika mpikisano wautali wa m'nyengo ya mwera, wochokera ku Mangochi kulowera kumpoto, ngakhale kuti ambiri mwa maboti ake ndi a mathupi awiri otchedwa catamaran. Kukwera kamodzi ndi munthu wodziwa kukuphunzitsani zambiri kuposa yankho langa lonseli.

Za damu la Chitete, kumbukirani kuti ndi madzi amene tauni ya Kasungu imamwa, choncho kapempheni kaye chilolezo kwa oyang'anira, ndipo akakana musakakamire. Ku Lifupa musaganizeko n'komwe, kuli mvuu, ndipo mu Bua muli ng'ona. Kulikonse kumene mungaloledwe, funsani eni dera za ng'ona ndi likodzo, aliyense avale jekete yoyandamitsa, ndipo amene sadziwa kusambira aphunzire kaye. Tsiku loyamba thanga lisiyeni kunyumba. Imikani mlongoti wokha, mulowetse boti pamadzi ofika pachifuwa, muligubuduze dala. Zungulirani kumimba kwake, mugwire thabwa lapansi lija, mulikwere pafupi ndi thupi la boti osati kunsonga kuopa kulithyola, mugwire m'mphepete n'kutsamira kumbuyo pang'onopang'ono mpaka mlongoti utatuluka m'madzi. Bwerezani kasanu, mnyamatayo abwerezenso kasanu. Mukatero tsegulani zipinda zija muone ngati mwalowa madzi, ndipo pamene padontha mulembepo ndi pensulo boti lisanaume.